Nyambo yowala mumdima

Sabata ino ku Liwonde, chakumunsi kwa Kamuzu Barrage, mnyamata wina anandionetsa nyambo yake: nyongolotsi yapulasitiki yofewa youmba yekha, yosakaniza ndi ufa wowala mumdima, imene amayamba waiunika ndi tochi asanaiponye mu Shire. Anzake amamuseka ati mlamba umalondola fungo, ulibe nazo ntchito zokongoletsa, ndipo mwina sakunama. Komatu kukopa nsomba ndi kuwala si kwachilendo, asodzi a usipa akhala akuyatsa nyali panyanja kuyambira kale. Ine ndaima ndi mnyamatayu, pakuti mbedza yake imakola imodziimodzi. Amene ndikuwadandaula ndi okoka masikito m'nyanja ya Chilwa, ija inaphwa mu 1995, amene akusesa matemba ndi tiana tomwe, mafumu akuonerera.