Yang'anani M'makona Musanalipire Kalipentala

Nyumba zambiri zimene zikumangidwa ku Area 25, ku Chinsapo ndi ku Area 23 masiku ano zikuikidwa siling'i, ndipo zimenezi n'zosangalatsa. Siling'i imachepetsa kutentha kwa malata mu Okutobala, imatchinga fumbi, komanso imatseka njira ya udzudzu. Udzudzu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, ukamva fungo la anthu ogona umatsata khoma n'kukwera mpaka pamene khoma lakumana ndi denga. Ukapeza mpata, walowa. Makoswe, mphemvu ndi zitosi za mileme nazonso zimadzera momwemo.

Pakati pa siling'i ndi khoma pamatsala mpata nthawi zonse. N'chifukwa chake akalipentala amakhomapo timatabwa topyapyala kuzungulira chipinda chonse, timene amati konisi. M'mbali mowongoka savutika. Vuto lili m'makona, pamene timatabwa tiwiri tiyenera kukumana pakamwa ndi pakamwa. Lowani m'nyumba za lendi ku Kawale kapena ku Mgona, mukweze maso: makona ena mungapisemo chala.

Chimavuta n'chiyani? Konisi sigona chafulati pakhoma ngati thabwa la m'munsi. Imakhala chopendekeka, mbali ina yatsamira khoma, ina yagwira siling'i. Mukaigoneka pabenchi n'kuicheka pa madigiri 45 ngati felemu ya chithunzi, mbali ziwirizo sizikumana. Mmisiri wodziwa amaitembenuza chadodolido. Mbali yogwira siling'i imakhala pansi pa makina, yogwira khoma imatsamira kachitsulo kakumbuyo, itapendekeka monga mmene idzakhalire m'mwambamo. Akatero ndiye amapotoza sowo pa 45. Pa kona yolowa m'kati, ngati zinayi za kuchipinda zija, mbali ya kukhoma ndiyo imatalika. Pa kona yotulukira kunja, monga pokhotera m'khonde, imatalika ndi ya kusiling'i.

Koma tinene zoona, makoma athu ambiri sadziwa sikweya. Njerwa zootcha n'zosiyana kukula, ndipo pulasitala amanenepa pena n'kuonda pena. Kona imene timaiyesa ya madigiri 90 imapezeka ili 88 kapena 92. Ikakhala 92, makina aikidwe pa 44; ikakhala 88, pa 46. Digiri imodzi imaoneka yochepa, koma m'mwambamo imasanduka khomo. Ine kalipentala amene ndimamukhulupirira ndi uja amayamba wacheka tizidutswa tiwiri totsala, kukwera nato, kuyesa, kutsika, n'kukonza, asanakhudze thabwa lalitali. Amachedwa, inde, koma saononga matabwa amene mwakagula ndi ndalama zovuta kupeza.

Makina amagetsi si aliyense ali nawo, ndiponso magetsi amazima. Kabokosi ka matabwa atatu kokhala ndi mizere yochekeratu, ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, zimagwira ntchito yomweyo. Chofunika china ndi chakuti matabwa akhale ouma. Paini wa ku Chikangawa akakhomedwa ali wamuwisi amafota, ndipo kona imene inakumana bwino m'Febuluwale imayasama pofika Seputembala.

Ngati makinawo abwera pakhomo panu, ana akasewere kutali, chifukwa amakonda kutola tizidutswa pafupi ndi mpeni. Wocheka avale magalasi ndi chotchinga mphuno, dzanja likhale patali ndi mpeniwo masentimita 15 kapena kuposa, ndipo asaudzutse usanaime. Achekere panja. Utuchi wosalala uja umavutitsa kwambiri a chifuwa cha mphumu, choncho muusese mutawaza timadzi.

Tsiku lolipira, musangoona penti. Dikirani kude, wina akwere ndi tochi pakabowo kolowera m'siling'i, aunikire m'makona, inu muli pansi mutazimitsa nyali. Pamene patuluke kuwala, udzudzu ungadutsenso. Kampata kakang'ono katsekedwe ndi utuchi wosakaniza ndi guluu wa matabwa. Waukulu musalole kuti angoumata. Kathabwako kachotsedwe, kachekedwenso. Ndi bwino kugwirizana zimenezi ntchito isanayambe, kuti pasadzakhale kukangana.

A m'nyumba za lendi, kambiranani ndi eni nyumba mvula ya Novembala isanayambe. Ndipo ngakhale makona onse atatsekeka, masikito musawapinde, pakuti udzudzu wina umalowera pakhomo madzulo pamene tikulowetsa mbale.