Madrasa kapena sukulu? Mwana apite konse

Kwa Khombedza makolo ena achisilamu akadali ndi funso lakale: mwana apite kumadrasa kapena kusukulu ya boma? Mantha awo sanangobwera okha. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo mwana wolowa kumeneko kawirikawiri ankabwerako atabatizidwa, ali ndi dzina lina. Agogo ambiri a m'mbali mwa nyanja anakana zimenezo, ana awo n'kukula osadziwa kulemba kalata.

Lero zinthu zinasintha. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo mu 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu, kudzera ku Public Affairs Committee, anagwirizana kuti mtsikana wovala hijabu asathamangitsidwe m'kalasi.

Ife tikuti mwana apite konse: kusukulu m'mawa, kumadrasa masana. Kumadrasa aphunzira Korani, swala ndi ulemu, koma mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndiwo adzamufikitse kusekondale. Amene akutidetsa nkhawa kwambiri ndi mnyamata yemwe sapita konseko, amagona kunyanja kukoka usipa. Mashehe, mafumu ndi makolo, m'bwezeni ameneyo m'kalasi.