Tcheniso ikamwa petulo, sikuludiraiva ikhale m'thumba

Abale alimi ndi asodzi, pali chizolowezi china chomwe chikutithera makina m'midzimu. Tcheniso ikangokana kulira, ikununkha petulo, pulagi itanyowa, munthu amasolola sikuludiraiva n'kuyamba kupotokola timasikuluwu ta pa kabuleta, tija tolembedwa L ndi H. Ife tikuti tisiyeni timeneto. Nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo.

Injini kumwa ndiye kuti petulo wachuluka mu silinda kuposa mpweya, moti moto wa pulagi ukulephera kumuyatsa. Ndipo kawirikawiri woimwetsa ndi mwini wake yemweyo. Ntchito ya tchoko n'kutseka mpweya kuti injini yozizira ikoke petulo wambiri. Ikangotsokomola kamodzi, tchoko ichotsedwe. Koma ena amangokokabe chingwe ka 10, ka 15, tchoko ili chitsekere. Ena mpaka amaika tchoko pa injini yotentha yomwe angoizimitsa kumene. Nanga isamwe bwanji?

Mankhwala ake ndi aulere. Zimitsani switchi, masulani pulagi, ipukuteni iume, tembenuzani makinawo bowo la pulagi liloze pansi, n'kukoka chingwe kangapo kuti petulo wotsalayo atuluke. Izi muchitire kutali ndi moto. Mpata wa kukamwa kwa pulagi pa matcheniso ambiri ndi mamilimita 0.5. Ibwezereni, mangani buleki ya tcheni, makina ali pansi, n'kuliza popanda tchoko. Ifuka utsi kaye, kenako ilira bwinobwino. Musaiwale sefa ya mpweya: ikadzaza utuchi imachita ngati tchoko yosachoka.

Ikamamwabe mutailiza moyenera, kapena mukaipeza itanyowa itangokhala chikhalire, apo ndiye tiyang'ane m'kabuleta. Muli kasingano komwe kamatseka njira ya petulo, ndipo kamatsegulidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamapuma pamodzi ndi injini. Kamchenga kamodzi kakakhala pansi pa kasinganoko, kapena kachikopako kakauma gwaa, petulo amangodutsa osaima. L ndi H sizingatseke msewu umenewo ngakhale mutazipotokola tsiku lonse.

Mchengawo ndi madzi zimabwera ndi petulo wa m'zigubu, zomwezija timathiramo mafuta a injini za maboti kunyanja. Komanso petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo. Sitikunyoza, wathandiza dziko kuyambira 1982. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo akagonera m'kabuleta miyezi yonse ya dzinja makina ali chipachikire, timphira ndi tizikopa timawonongeka. Sakanizani okwanira masiku ochepa, asapitirire masiku 30, musefe pothira, ndipo posunga makina khuthulani thanki n'kuiliza mpaka izime yokha. Stihl ndi Husqvarna amati 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oilo wa 2T mu malita 5. Makina ena otchipa amafuna oilo wambiri kuposa apa, ndiye werengani kabuku kake.

Amakaniko ena ati, "Koma ine ndikamanga H imalira bwino." Zoona, imalira mokweza, mwaukali ndithu, mwini wake n'kumasekerera. Chomwe samuuza n'chakuti injini imeneyi ilibe thanki ya oilo wake payekha. Oilo amalowa pamodzi ndi petulo, ndipo petulo yemweyo ndi amene amaziziritsa mkati. Mukamanga H mopitirira mwachepetsa zonse ziwiri. Pisitoni imatentha, imakanda silinda, mpaka kugwira, mwina muli pakati pa thabwa la bwato lomwe mwini wake walipira kale.

Pisitoni ndi silinda ndi ndalama zambiri, pomwe kapaketi ka kasingano ndi tizikopa n'kotchipa kwambiri poyerekeza. Pathupi pa kabuleta pamalembedwa dzina la opanga, monga Walbro kapena Zama, ndi nambala yake. Lembani zimenezo papepala, kapena nyamulani kabuletayo popita kusitolo, chifukwa timapaketi timeneti timafanana maso okha.