Mwana wosaona asadikire zaka 6

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, pali mawu amene akuwononga ana athu kuno ku Angónia: "Msiyeni akule kaye, tidzamuona akadzayamba sukulu." Mawu amenewa ndikuwakana.

Mwana woona amaphunzira kudya, kuyenda ndi kusewera pongoyang'ana anzake. Wosaona alibe mwayi umenewo. Amafunika wina womugwira dzanja, kumukhudzitsa chikho, khasu, mbatatesi, n'kumuuza dzina la chilichonse. Mukamukhazika m'nyumba mpaka zaka 6 poopa kuti agwa kapena anthu aseka, amafika m'kalasi yoyamba zala zake zisanazolowere kusiyanitsa nyemba ndi chimanga. Nanga timadontho 6 ta Braille adzatimva bwanji?

Komanso si khungu lonse lomwe n'losachiritsika. Ng'ala yobadwa nayo imachotsedwa ndi opaleshoni, koma mukachedwa, ubongo suphunziranso kuona bwino. Mukaona choyera pakati pa diso la khanda, thamangirani kuchipatala sabata yomweyo, musathire mankhwala azitsamba. Katemera wa chikuku ndi vitamini A amatetezanso maso.

Ena akuti, "Boma lili nawo malo a ana otere." Inde, kuli CREI ku Tete, kulinso sukulu ya osaona ku Beira. Koma kuchokera ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Ndi mayi uti wa ku Dómuè angapereke mwana wa zaka 3 kutali choncho? Lamulo la maphunziro la 2018 limatchula maphunziro a ana osanayambe pulayimale. Ndiye thandizo libwere kumudzi kuno, m'maesikolinya athu, pasikelo ya ana ndi kudzera mwa ma APE.

Ndipo libwere m'Chinyanja. Kwa mwana wosaona, mawu ndiwo maso. Mnzake woona akapanda kumva Chipwitikizi amayang'ana chithunzi kapena dzanja la mphunzitsi n'kutolako kanthu. Iyeyu mukamulankhula chinenero chachilendo mwamutsekera khomo lachiwiri. Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete mu 1993, pa nthawi ya PEBIMO. Tilephere bwanji kuchigwiritsa ntchito pa mwana amene akuchifunitsitsa kuposa onse?

Kwa akuluakulu a IFP ndikuti: mphunzitsi asatuluke asanagwireko Braille. Kwa makolo: mtulutseni mwanayo, apite nanu kudimba, kumsika, kutchalitchi, muzimufotokozera zonse zimene mukuona. M'mera mpoyamba.

Kodi m'mudzi mwanu muli mwana wotere amene sitimuona pabwalo? Musalembe dzina lake pano. Pitani mukacheze ndi makolo ake sabata ino.