Ufulu wa m'Chingerezi sufika pa Songani

Dzana pa Songani mkulu wina wa tayi anandiuza kuti aphunzitsi a malamulo ndi anthu a pakamwa chabe, mavuto sawadziwa. Ndinaseka. Achimwene, a Edge Kanyongolo mukuwadziwa inu?

Mu 1983, akadali wophunzira pa Chancellor College, boma la Kamuzu linawatsekera ku Mikuyu osawazenga mlandu. Ku Mikuyu komweku, m'chigwa chathu chino cha Chilwa. Atatuluka sanathawe. Anadzakhala mphunzitsi pa koleji yomweyo, zaka zambirimbiri akuphunzitsa malamulo oyendetsera dziko ndi kumasulira m'nyuzi ndi pawailesi tanthauzo la voti. Munthu amene anagonapo pa simenti chifukwa lamulo linali m'thumba la munthu mmodzi, simungamuuze kuti malamulo ndi nkhambakamwa.

Phindu la maphunziro oterewa tinaliona pa 3 February 2020, oweruza asanu atafafaniza chisankho cha tipeksi cha 2019, nagamula kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Mawu amodzi okha m'gawo 80 la malamulowo anatembenuza dziko.

Komatu nanenso ndili nalo dandaulo, ndipo ndikuloza inu nonse madotolo ndi mapulofesa a zamalamulo. Mayi anga aang'ono amagulitsa matemba pamsika pano. Pa 14 June 1993 anavotera nyali, kukana tambala wakuda. Kuyambira pamenepo sanajombepo pamzere. Mavuto a asodzi, kuphwa kwa nyanja, mtengo wa feteleza, amazidziwa kuposa aphungu ambiri. Koma gawo 51 likuti wofuna uphungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Ndiye kuti chala chawo n'chabwino kuviika mu inki, koma pakamwa pawo mponyansa m'Nyumba ya Malamulo. Zoona zimenezi? Ufulu wanji wosankha ena koma osasankhidwa?

Nkhani zanu mumazikambira m'mahotela, m'chilankhulo chomwe chikutsekera anthu kunja. Kuchoka ku koleji kufika pa Songani, minibasi sitha ndi ola lomwe. Bwerani tsiku la msika, mudzatiwerengere gawo 40 m'Chichewa ndi m'Chiyao, mudzayankhe funso la mayi anga aang'ono maso ndi maso. Kenaka mukalimbane nalo gawo 51 lija monga munalimbanirana ndi chipani chimodzi.

Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ufulu wongokhala m'buku la Chingerezi ngwapachala, ngwamphepo.