Mbuzi ziwiri za pa Maniamba zisagulitsidwe

Chapa iliyonse yochokera ku Lichinga kutsetserekera kunyanja ku Metangula, ulendo wa makilomita oposa 100, imadutsa pa Maniamba. Pamenepo pali bambo wina amene anamanga zipinda zinayi zogona alendo kuseri kwa baraka yake. Malata ake anagula atagulitsa nyemba za zaka ziwiri. Dzina lake lisatchulidwe, pakuti nkhani yake ndi ya anthu ambiri a m'boma la Lago.

Mwana wa mlongo wake, amene ali ku sekondale, anamuuza tsiku lina kuti: "Amalume, masiku ano mlendo safunsa munthu njira, amafunsa foni." Mnyamatayo anatsegula tsamba pa intaneti, naikapo zithunzi za zipinda ndi za nsima ya usipa. Yatha miyezi isanu ndi umodzi, koma palibe ngakhale mlendo mmodzi amene wafika n'kunena kuti anaona tsambalo. Tsono posachedwapa kunabwera mnyamata wa jekete kuchokera m'tauni, amene analonjeza kuti akapatsidwa ndalama, dzina la bamboyo likhala loyamba pa Google sabata isanathe. Bamboyo akuganiza zogulitsa mbuzi ziwiri.

Mbuzizo zisagulitsidwe. Chifukwa chake chili m'kagwiridwe ka ntchito ka Google mwini wake.

Google inayamba m'chaka cha 1998 ku America. Anaiyambitsa ndi anyamata awiri a pa yunivesite ya Stanford, Larry Page ndi Sergey Brin. Funso limene linkawasowetsa tulo linali lakuti: masamba akakhala ambirimbiri, onse akukamba nkhani imodzi, loyamba kuonetsa munthu likhale liti? Nzeru imene anapeza si yachilendo kwa munthu wa kumudzi. Iwo anati tsamba lisadziyamikire lokha, koma aone kuti ndi angati amene akuliloza. Kulozako kumachitika ndi linki, mawu aja amene munthu akawakhudza ndi chala pa foni amamufikitsa pa tsamba lina. Makina a Google amayenda usana ndi usiku kutsata malinki amenewa, monga momwe mlenje amatsatira mapazi a nyama. Tsamba limene palibe wina aliyense walilozapo lili ngati nyumba yomangidwa pakati pa tchire popanda kanjira. Ilipo ndithu, yofoleredwa bwino, koma kuipeza n'kovuta.

Ndipo mboni sizilemera mofanana. Pa bwalo la milandu, mawu a nkhoswe yodziwika saikidwa pa muyeso umodzi ndi a munthu wongodutsa amene wapatsidwa chipanda cha mowa. Chimodzimodzinso pa Google, linki imodzi yochokera pa tsamba la nyuzipepala, la mpingo kapena la bungwe limene anthu ambiri amalidalira, imaposa malinki zana ochokera pa masamba opanda mwini. Malinki ogula amene anyamata a majekete amagulitsa ndi a mtundu wachiwiriwu. M'chaka cha 2012 Google inakhwimitsa makina ake kuti azigwira chinyengo chotere, ndipo masamba ambiri amene anagula mboni anatsitsidwa. Eni ake a Google amachenjezanso poyera kuti palibe munthu angalonjeze mnzake malo oyamba. Wolonjezayo akugulitsa chinthu chimene alibe.

Chitsanzo chili pafupi. Nkwichi Lodge, malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Cóbuè, inamveka mpaka ku Ulaya ngakhale ili kumalo kovuta kufikako. Mbiri yake inanyamulidwa ndi ena: mabuku otsogolera alendo monga Lonely Planet ndi Bradt analemba za malowo, ndipo amene anagonako anakauza anzawo. Inde, kumeneko kunali ndalama zimene bambo wa pa Maniamba alibe. Koma njira yake ndi yomweyo, imangosiyana kukula.

Tsono asanayambe kufuna omuloza, bamboyo ali ndi vuto lina limene anthu a m'malire okha ndi amene angalimvetse bwino, vuto la mayina. Google imayang'ana mawu amene wofufuza walemba n'kuwafanizira ndi amene ali pa tsamba. Nanga kuno chinthu chimodzi chili ndi mayina angati? Nyanja yomweyi kwa boma la Mozambique ndi Lago Niassa, ku Malawi ndi Lake Malawi, ku Tanzania ndi Lake Nyasa, pamene agogo amangoti nyanja basi. Mzungu akalemba Lake Malawi pa foni yake, zimene zimamutulukira kwambiri ndi za ku Nkhata Bay ndi Cape Maclear, ngati kuti tsidya lino kulibe mchenga. Metangula akuluakulu amati Mtengula. Messumba ndi Msumba. Cóbuè ena amalemba Cobue, ena Kobwe. Maniamba weniweniyo, munthu amene anaphunzira sukulu ku Likoma akhoza kulemba Manyamba, ndipo sanalakwe.

Mnyamata wa ku sekondale uja analemba pamwamba pa tsamba dzina la baraka lokha, dzina lokoma ndithu la m'Baibulo, koma limene mlendo wa ku Cuamba kapena ku Nampula sangalilote. Munthu wotopa ndi ulendo salemba dzina la baraka imene sanaimvepo. Amalemba chimene akusowa ndi malo amene ali: quartos Maniamba, kapena pensão Maniamba, kapena m'Chingerezi ngati wachokera tsidya lija. Mawu amenewa ndi amene ayenera kukhala pa mutu wa tsamba, m'Chipwitikizi, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, pamodzi ndi mayina onse a nyanja. Wosowa womasulira asadandaule kwambiri, chifukwa kuyambira 2014 Google Translate imamva Chichewa, ngakhale nthawi zina imamasulira ngati munthu wadzuka kumene. Mphunzitsi wa pafupi awerengeko asanaziike.

Chachiwiri ndi mapu. Kuika malo a bizinesi pa Google Maps sikulipiritsa, ndipo kwa munthu wa m'mbali mwa msewu zimenezi zimaposa tsamba lenilenilo, poti mlendo ali mu chapa amayang'ana mapu. Pamenepo alendo amene agona amatha kulembapo maganizo awo. Apa bamboyo achenjere: mboni zimenezi sizinyengereka. Chimbudzi chikakhala chauve kapena neti yong'ambika, zidzalembedwa, ndipo zidzawerengedwa ndi anthu a ku Maputo.

Nanga omuloza awapeza kuti? Sali kutali. Mwini malo ogona a ku Metangula kapena pa gombe la Chuanga amene ali kale ndi tsamba akhoza kulemba kuti wochedwa pa msewu akagone pa Maniamba, nayenso bamboyo n'kulemba za mnzakeyo. Awiriwa sakulimbirana mlendo mmodzi, chifukwa wina ali kumtunda wina kunyanja. Mpingo ukachititsa msonkhano nthumwi n'kugona m'zipinda zakezo, apemphe mlembi kuti polemba nkhani ya msonkhanowo atchule malowo ndi linki yake. Mabungwe amene antchito awo amayenda m'boma lino, makamaka chikhazikitsireni malo otetezedwa a nyanja m'chaka cha 2011, nawonso ali ndi masamba. Ngakhale mtolankhani wa wailesi ya m'dera sakana nkhani ya mlimi amene wasandutsa nyemba kukhala malata. Kupempha kotere kumafuna kuyenda, kupereka moni ndi kudikira. Zotsatira zake zimaoneka patapita miyezi, osati sabata imodzi ya mnyamata wa jekete uja.

Kunena chilungamo, alendo ambiri a pa Maniamba mpaka lero amabwera chifukwa kondakitala wa chapa wawauza, ndipo bamboyo asaleke kumupatsa tiyi kondakitalayo. Koma chifikireni Movitel m'chaka cha 2012 mafoni afalikira m'midzi, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi ogula nsomba amene amatumizidwa kuno ayamba kufufuza asananyamuke. Amenewa ndi amene amalipira chipinda osanenerera.

Patsala kanthu kamodzi kamene mwana wa mlongo uja sanakaone. Nambala ya foni imene anaika pa tsamba ndi yake yakale, ya khadi limene anataya mwezi wa Marichi. Analembanso popanda +258 kutsogolo, kotero munthu wa ku Likoma kapena ku Nkhata Bay, kumene manambala amayamba ndi +265, akanaimba sikanalowa. Mwina alendo ena anayesa ndithu m'miyezi isanu ndi umodzi ija, foni n'kumangowauza m'Chipwitikizi kuti nambalayo sikupezeka. Kukonza zimenezi n'kwa mphindi zisanu, Loweruka likudzali mnyamatayo akabwera kudzatenga ufa.