ZA ZIZINDIKIRO ZAKALE ZA KU KOTA KOTA NDI ZA KWATHU KUNO

Kwa Mafumu ndi Mamembala onse a Bungwe,

Pa msonkhano ulinkudzawu ndipempha kuti tikambe mrandu wa mudzi wa kunyanja umene kale unalembedwa Kota Kota, ndipo lero ulembedwa Nkhotakota. Kapena ena adzati, Ife ndife alimi a fodya a ku Kasungu, za kunyanja zitikhudza bwanji? Ndiyankha kuti njira ya pakati pa ife ndi iwo inapondedwa kale mseu wa galimoto usanalimidwe. Minyanga ya njobvu yocokera kuno inatsikira kwa Jumbe. M'caka ca 1863 Dr David Livingstone anacoka kunyanjako nakwera kufikira kwa Mwase. Ndipo mu December 1895 asilikari amene anathira nkhondo mudzi wa Mwase anadzera njira yomweyo pamodzi ndi Bwana Alfred Swann. Cifukwa cace mbiri yao ndi yathu ziri mtolo umodzi.

Taonani tsono m'mene mudziwo wasandulikira. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anafika m'zaka za m'ma 1840, namanga zombo zoolotsa akapolo ndi minyanga kunka tsidya lija, pa ulendo wa ku Kilwa. Ufumu wa a Jumbe unatha pofika 1895, ndipo zombo zao palibe cotsalako. Catsala ndi mzikiti ndi manda ao. Mishoni ya U.M.C.A. inakhazikika m'caka ca 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa pomwepo. Manda ace adziwika kufikira lero, pakuti Mpingo uwasamala. Mkuyu umene Livingstone anakhala pansi pace pokambirana ndi Jumbe za kuleka ukapolo ukali ciimire, ndipo alendo amauona. Koma doko limene kale linali mtima wa mudzi lazirala, popeza katundu wambiri ayenda tsopano pa mseu wa tara wa m'mbali mwa nyanja. Ndiponso m'caka ca 2024 madzi a nyanja anakwera nalowa m'nyumba za kugombe.

Pamenepa ndiona cinthu cimodzi: cizindikiro cikhala ngati ciri ndi mwini wocisamala ndi wolemba mbiri yace; copanda mwini cifafanizika, cingakhale cacikuru cotani. Mkuyu uja ucedwa ndi dzina la mlendo amene anapumulapo masiku owerengeka, koma maina a mafumu a Acewa amene midzi yao inapasuka pa nkhondo za akapolo adziwika ndi anthu ocepa. Sitidzudzula alendo cifukwa analemba zao. Tidzifunse tokha cifukwa cace ife sitinalemba zathu.

M'caka ca 2011 Boma la Malawi linapereka malo a Jumbe kwa a UNESCO pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa. Ici ncabwino, koma pepala liri kutali silitsekereza nkhwangwa kapena khasu.

Ndipo kuno kwathu ngozi iri pafupi koposa. Mtengo wa kacere wa ku Mtunthama usungidwa cifukwa Dr Kamuzu Banda anaphunzira pansi pace ali mwana, namanga Kamuzu Academy pafupi pace m'caka ca 1981. Nanga mitengo ya pabwalo pamene makolo anaweruzira mirandu, misitu ya kumanda, ndi mabwinja a patsinde pa phiri la Kasungu, ziri ndi mwini ndani? Caka ndi caka minda ikula, ndipo zigafa ndi mabalani a fodya zidya mitengo. Fodya ndiye cuma cathu, sitimkana; koma mtengo wa zaka zana ukagwa, ndalama za msika umodzi sizingathe kuudzutsa.

Cotero ndipempha Bungwe libvomereze zinthu zitatu. Coyamba, mfumu iri yonse ichule malo akale a m'dziko lace, nilamule kuti pasalimidwe kapena kudulidwa mtengo. Caciwiri, aphunzitsi amene ali mamembala athu akhale pansi ndi nkhalamba, nalembe m'buku mau ao ndi maina a malowo, buku limodzi lisungidwe kwa mfumu, lina ku Bungwe. Cacitatu, tilembe kalata kwa mafumu a ku Nkhotakota kuti nchitoyi tiigwire pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nkhalamba zodziwa izi zirikutha caka ndi caka. Cifukwa cace ndipempha Wapampando kuti mranduwu ukhale woyamba pa msonkhano.

Ine wanu,
Membala mnzanu wa ku Kasungu.